Paki ikuteteza mbuna ndi manda a azungu, nanga ife a ku Chembe?

Uthenga uwu unabwera pa WhatsApp kuchokera ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear umene uli mkati mwa paki ya Lake Malawi National Park, ndangoudula pang'ono:

"Bambo, ine ndimakhala ku Chembe ndipo andisankha kumene kukhala mlembi wa komiti ya zachilengedwe ya mbali yathu. Koma kunena zoona ndalowamo ndi mitima iwiri. Mwezi watha mng'ono wanga anamulanda matchera atamupeza watchera pafupi ndi Domwe. Mayi anga kuti akatole nkhuni kuphiri mpaka pemiti. Anyani akutha chimanga koma sitingawakhudze. Anthu akundifunsa kuti iwe uli mbali ya ndani? Akuti pakiyi imangoteteza mbuna zoti azungu azionera ndi manda a amishonale, pomwe manda a makolo athu ndi malo amene agogo ankathirako nsembe palibe amawalabadira. Ndiwayankhe chiyani? Kodi n'zotheka kusamala malowa anthu osavutika, kapena ndingotula pansi udindowu?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani za mng'ono wanuyo, matchera masiku ano si ndalama yamasewera. Koma udindowo musatule ayi. Munthu wolowa komiti ali ndi mitima iwiri ngati inuyo ndi amene ine ndimamufuna, osati uja amalowa chifukwa wamva kuti kumakhala alawansi ndi T-sheti. Ndayenda ndi makomiti a m'madoko kuyambira ku Makawa mpaka ku Msaka ndi Malembo zaka zambiri ndithu, imvi zinanditulukira pamchenga pomwepo, ndipo funso loti uli mbali ya ndani ndafunsidwapo kangapo, tsiku lina wofunsayo atagwira nkhafi m'manja. Ndiye simuli nokha ndipo simunalakwitse.

Choyamba dziwani bwino chinthu chimene mukukangana nacho, chifukwa anthu ambiri pa Chembe pomwepo amadana ndi paki koma malire ake sakuwadziwa. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, ndipo chimene chimadabwitsa anthu n'choti gawo lalikulu ndi mtunda, mapiri a ku Nankumba aja, la Nkhudzi, la Mwenya, ndi zilumba 13 monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu mpaka za Maleri ku Salima uko. Madzi a paki ndi kachingwe chabe, mamita 100 kuchokera pagombe la paki kapena pachilumba. Basi. Nyanja yonse ija mukuiona mukaima pamchenga si ya paki ayi. Mamita 100 ndi ngati bwalo la mpira kuchokera pagolo kufika pagolo linalo. Ndipo midzi isanu, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, inasiyidwa momwemo, sinasamutsidwe, pomwe m'malo ena otetezedwa m'dziko muno anthu anachita kuwakweza malole. Izi sindikunena kuti muziombera m'manja, 1980 inali nthawi ya chipani chimodzi ndipo munthu sunkafunsa kawiri boma likanena, agogo anu akamati sanafunsidwe mokwanira ine sindingawatsutse. Koma kusiyidwa kwa midziyo kukutanthauza kuti kuyambira tsiku loyamba pakiyi inapangidwa kuti izikhala ndi anthu mkati, ndiye aliyense wokuuzani kuti anthu a Chembe ndi alendo m'paki akunama, ndipo wokuuzani kuti paki ichoka mawa nayenso akunama.

Tsopano za mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija. Zoona, pa mbale ya nsima mbuna si ndiwo yoti munthu n'kuinyadira, ndipo zoona alendo amalipira boti kuti akazione pa Thumbi. Koma chifukwa chake zinatetezedwa si maonekedwe okha. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, akatswiri ena amati ingafike 1,000, ndipo pafupifupi yonse ya banja la mbuna ndi chambo simungaipeze kwina kulikonse. Mbuna zimakhala pamiyala, zimadya ndere zomera pamiyalapo, ndipo siziwoloka mchenga kapena madzi akuya kupita pamiyala ina. Ndiye pali mitundu ina imene dziko lonse lapansi imapezeka pachilumba chimodzi chokha, pena mbali imodzi ya chilumbacho. Kuwonjezera apo yaikazi imasunga mazira ndi ana mkamwa, ndipo imabereka ochepa, osati ngati usipa umene umangomwaza. Mukakokolola miyala imeneyo ndi ukonde wa maso ang'ono kwa zaka zingapo mtunduwo watha, ndipo palibe dziwe lililonse ku Domasi kapena kunja komwe mungakautenge kudzabwezeretsa.

Koma ndikudziwa kuti pamsonkhano wa m'mudzi mukanena zimenezi wina adzati nanga ana anga adya mtundu wa nsomba? Ndiye auzeni nkhani iyi, imene ili m'thupi mwawo. Akuluakulu a pa Chembe akuuzani kuti kale likodzo linali la m'madambo ndi m'mitsinje, munyanja poyera anthu ankasamba opanda nkhawa. Kuyambira cha m'ma 1980 kupita m'ma 1990 likodzo linachuluka pagombe lomwelo, ana asukulu ambiri kukodza magazi, alendo kumabwerera kwawo atadwala. Ofufuza, mmodzi mwa iwo Jay Stauffer amene wasambira m'madzi amenewo zaka zambiri, anapeza kuti nsomba zodya nkhono zimene zinkakhala m'madzi osaya zinachepa kwambiri chifukwa cha makoka okokera kumtunda, nkhono zonyamula tizilombo ta likodzo n'kuchuluka pamchenga. Sindikuti chifukwa ndi chimenecho chokha, chimbudzi chikasowa anthu n'kumakodzera m'madzi matendawa sangathe. Koma apa ndi pomwe munthu amaona kuti nsomba imene sankaiwerengera inali kumugwirira ntchito ya chipatala mwaulere. Neti ya udzudzu imene tinalandira kusikelo tikaisandutsa khoka, timalipira kawiri, malungo kunyumba likodzo kunyanja.

Ndipo kachingwe ka mamita 100 kaja ndi ngati nkhokwe ya mbewu. Nsomba zambiri zimaswana ndi kukulira m'madzi osaya ndi m'mbali mwa miyala, zikakula zimatuluka, sizidziwa malire. Asodzi enieni amadziwa zimenezi kuposa ine, n'chifukwa chake amakonda kutchera pamzere penipeni. Vuto lenileni limene ndaliona ndi loti mzerewo suoneka. Usiku, kuli mwera, bwato likukankhidwa, ndani angayeze mamita 100 ndi maso? Ena amalowa dala, tisanamizane, koma ena amalowa osadziwa. Ngati komiti yanu ikufuna nkhondo yoyamba yoti ipambane, ndi imeneyi: pemphani a paki kuti mupite limodzi pa boti, inu, a BVC (komiti ya asodzi ya padooko), eni zilimira ndi matchera, muonetsane malirewo masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe n'kotheka paikidwe zoyandama, pomwe n'kosatheka mugwirizane zizindikiro za pamtunda zimene msodzi aliyense amazidziwa, mwala wakuti, mtengo wakuti. Mulembe, amfumu asaine. Zikatero wogwidwa sanganene kuti sindimadziwa ndipo wogwira sangasunthe malire ndi pakamwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani ya nsomba ili m'madzi. Ine zaka zandiphunzitsa kuti theka la nkhaniyi lili kuphiri. Mitengo ikatha pamwamba, moto n'kudutsa mu Seputembala ndi Okutobala kusiya nthaka ili mbee, mvula yoyamba imakokolola dothi lonse kulowa nalo m'nyanja. Mwaonapo madzi atafiira pamathiriro a timitsinje mu Januwale eti? Matope amenewo amakakhala pamiyala, ndere zimafa, mbuna zimasowa chakudya, ndipo pamchenga amakwirira zisa zimene chambo ndi nsomba zina zimakumba poswana. Ndiye pemiti ya mayi anu ija ndi matchera a mng'ono wanu ndi nkhani imodzi, kungoti imodzi ili kumtunda ina kumunsi.

Koma pa nkhuni pomwepa ndinene chilungamo. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni zouma pamutu si amene amatha phiri. Amatha phiri ndi owamba nsomba zochuluka zopita ku Limbe ndi ku Lilongwe, ootcha njerwa za maloji ndi nyumba zatsopano, osema mabwato ndi ziboliboli, ndi aja amadula mtengo wauwisi kapena kuusenda khungwa kuti pakatha miyezi itatu adzati ndatola wouma. Dongosolo la pemiti linabwera kuti amayi azilowa mwaufulu osathamangitsidwa, lingaliro lake si loipa, koma likakhala kuti ogwidwa tsiku ndi tsiku ndi amayi okha pomwe uvuni wa njerwa ukufuka utsi pakati pa mudzi aliyense akuona, anthu amataya chikhulupiriro, ndipo akulondola kutero. Inu ngati mlembi lembani ndani akugwiritsa nkhuni zochuluka bwanji m'dera lanu, mwezi umodzi wokha, mudzadabwa. Mukatero muzikakamba za chitetezo mbaula, mauvuni owambira osadya nkhuni zambiri, ndi matenti oyanikira usipa padzuwa aja anayesedwa m'madoko ena, muli ndi manambala m'manja osati mphekesera. Chembe wa lero si Chembe wa 1980, anthu achuluka kangapo, phiri ndi lomwe lija.

Ndikuuzeniko kulakwa kwanga kuti musakubwereze. Chaka china tinadzala mitengo masauzande m'mphepete mwa mudzi wina, tinajambulitsa, tinadya mpunga ndi nyama, lipoti linapita lokongola. Pofika Ogasiti inatsala yowerengeka ndi zala. Mbuzi. Sitinafunse kuti malowo ndi njira ya mbuzi, sitinagwirizane kuti wothirira ndani, ndipo mitengoyo inalibe mwini. Pomwe pamalo ena pomwe tinangogwirizana kuti pasadutse moto ndi nkhwangwa zaka zitatu, zitsa zinaphukira zokha, lero ndi nkhalango yoti munthu n'kubisalamo. Kuyambira pamenepo munthu akabwera ndi pulojekiti ya machubu a mbande za mitengo ndimayamba ndamufunsa za mbuzi.

Za anyani ndidutsepo msanga chifukwa mankhwala ake enieni palibe. Nyani wa ku Cape Maclear anazolowera anthu chifukwa cha zinyalala zosakwirira ndi alendo omuponyera nthochi kuti amujambule. Kambani ndi eni maloji za maenje a zinyalala ndi kuletsa kudyetsa, alimi oyandikana azilondera mosinthana, ndipo zikanyanya kanenani ku ofesi ya paki mwa kalata, tsiku ndi munda wa ndani. Poizoni ayi, amapha agalu, ankhwazi, pena ana, ndipo ndi mlandu waukulu. Chinanso musalonjeze munthu chipukuta misozi pa chimanga chodyedwa, mudzasanduka wabodza ndinu.

Tibwere pa nkhani imene yandikhudza kwambiri mu uthenga wanu, ya manda. Apa anthu akwanu akunena zoona ndithu ndipo musawatsutse. Mbiri imene mlendo amauzidwa akafika ndi iyi: David Livingstone anatcha malowa Cape Maclear polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, pali Dr Robert Laws, n'kukhazikitsa Livingstonia yoyamba pomwepo. Malungo anawasautsa, anaika anzawo m'manda aja ali m'munsi mwa phiri, mu 1881 n'kusamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Mbiri imeneyi ndi yoona ndipo ndi yathunso, musaitaye chifukwa chokwiya, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyo, Albert Namalambe, anali wakuda ngati inu ndi ine, ndipo amene ananyamula zitsulo za Ilala pamutu kulambalala mathithi a Shire anali makolo a anthu a dziko lino. Koma amishoniwo anakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Anthu akhala m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa chikwi, ku Nkope konkuno ofukula zakale anapeza mapale a miphika akale kwambiri moti mtundu wonse wa miphika imeneyo umatchedwa dzina la Nkope m'mabuku. Nanga bwanji zaka zisanu ndi chimodzi zili ndi chikwangwani, zaka chikwi zilibe? Yankho lake ndi losavuta ngakhale limawawa: iwo analemba, ife sitinalembe. Ngakhale Mwala wa Mphini, umene uli m'gulu la zipilala za dziko, ma gaidi ambiri amangoti onani mizere ngati mphini, jambulani, tiyeni. Akatswiri a miyala amati mizereyo inadza ndi nyengo, mvula ndi dzuwa, chabwino, koma zimene anthu ankachita pamwalapo, asing'anga ankatengapo chiyani, ankapita nthawi yanji, zimenezo zili m'mitu ya agogo amene chaka chilichonse tikuwaika m'manda.

Ndiye inu ndinu mlembi, cholembera muli nacho. Tengani kope la hadikava, foni yojambula mawu, mupite kwa agogo asanu kapena asanu ndi mmodzi, amuna ndi akazi padera chifukwa amayi sanena zonse pamaso pa amuna, mupemphe kaye kwa amfumu. Afunseni manda akale ali pati, pomwe ankathira nsembe ya mvula, mitengo yosadulidwa, mapanga omwe ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ya ukapolo, madoko akale, mayina enieni a miyala ndi timagombe asanabwere mayina achingerezi, ndi malamulo akale a panyanja, masiku omwe sankapita kukapha nsomba ndi chifukwa chake. Mudzapeza chinthu chimodzi chimene ine chinanditsegula maso: msitu wa kumanda ndiye paki yoyamba ya Amalawi. Palibe renja, palibe mfuti, palibe waya, koma palibe wolowa ndi nkhwangwa popanda adzukulu ndi chilolezo cha mfumu. Yendani m'midzi yomwe mitengo inatha, pomwe mwaona mitengo italiitali yachilengedwe yaunjikana dziwani kuti ndi manda. Ndiye munthu akati zosamala chilengedwe ndi zachizungu mulozereni kumeneko.

Chitsanzo china chili ku Salima, pachilumba cha Mbenji. Kumeneko kuyambira m'ma 1950 mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula, cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, munthu osatsala pachilumba, ndipo potsegula pamakhala mwambo. Mowa saloleza, njuga saloleza, zida zowononga saloleza. Lamulo limeneli silinachokere ku Lilongwe, ndipo utaka wa ku Mbenji mpaka lero umadziwika kukula kwake. Ngati komiti yanu ingapeze ya thiransipoti, tengani asodzi okanika kwambiri aja, osati omvera, mupite nawo akaone okha. Msodzi amamva msodzi mnzake kuposa munthu wa fayilo ngati ine.

Koma chenjezo pa zolembazo. Si zonse zopita pa mapu kapena pa Facebook. Dambwe, ndagala, tsimba, malo ena a mizimu, eni ake akati izi n'zathu zisatuluke, zisatuluke. Lembani makope awiri, lina la mudzi losungidwa kwa amfumu, lina la zimene mwagwirizana kuti a paki ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments azidziwe kuti azitetezedwe ndi lamulo. Ndaonapo malo opatulika atasanduka pokwerera alendo ovala zosambira chifukwa mnyamata wina anafuna 5 sauzande ya msanga. Malo akangolowa pa intaneti simungawabwezenso. Ndipo amene mwasankha kuti alendo aziwaona, mudzi ugwirizane wolondolera ndani, ndalama ikupita kuti, zololedwa ndi ziti.

Choopsa china pa malo a makolo si paki ayi, ndi kugulitsa malo. Gombe likudulidwa mapuloti, mipanda ikufika m'madzi, njira zopita kudooko zikutsekedwa, ndipo pena wogulitsayo ndi wachibale wathu yemwe. Onjezani nyanja imene inakwera mu 2024 mpaka kulowa m'maloji ndi m'nyumba m'Mangochi monse muno, mudzaona kuti manda ali pafupi ndi madzi ali pakati pa moto uwiri. Amenewo ndiwo oyamba kuwalemba ndi kuwadzalira vetiva kapena mabango kumunsi kwake. Ndipo chitukuko nachonso chimabwera ndi mafunso ovuta, mukukumbuka mkangano wa thanki ya madzi pa phiri la Nkhudzi umene unafika mpaka kukhoti, mbali ina anthu akufuna madzi a m'mipope ndipo ndi ufulu wawo, mbali ina phirilo lili m'paki. Ine phunziro limene ndinatolapo ndi loti mudzi umene unalemba kale malo ake ofunika umakhala ndi mawu pa tebulo zinthu zisanayambe, osati kulira buludoza itafika kale.

Za ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti pamsonkhano funso limenelo lidzabwera lisanathe pemphero lotsegulira. Malamulo a zanyama zakutchire amalola kuti boma ligwire ntchito limodzi ndi midzi yozungulira, ndipo pali dongosolo loti gawo la ndalama zimene paki yatolera lizibwerera kumidzi kudzera ku bungwe la midziyo, kuno ndi MASALAPA, la Mangochi ndi Salima. Inu funsani mwaulemu koma mwa kalata: chaka chatha zinabwera zingati, zinagwira ntchito yanji, mudzi wathu unapindula chiyani, chaka chino tikupempha bwanji. Mayankhowo muwerenge pamsonkhano wa mudzi ndi kumata pa bolodi kusukulu kapena kwa amfumu. Musayembekeze mamiliyoni osintha moyo wa aliyense, ndalama za pageti zimadalira alendo ndipo munaona nokha nthawi ya Covid mmene gombe linalili zii. Phindu lalikulu la paki pa Chembe silidutsa pageti, lili mwa anyamata a maboti, ma gaidi, ophika, ochapa, amayi ogulitsa tomato ndi nsomba kumaloji. Koma kandalama kochepa kodziwika bwino komwe kapita kamamanga mudzi kuposa zambiri zobisa. Makomiti ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe chifukwa cha opha nsomba mozemba, anagwa chifukwa msungichuma anagula njinga yamoto anthu osadziwa kuti ndalama yachokera kuti. Inu risiti iliyonse muziisunga, ngakhale ya shuga wa pa miting'i.

Ndiye akakufunsaninso kuti uli mbali ya ndani, musati ndili mbali ya paki, musatinso ndili mbali yanu tiwathamangitse. Auzeni ntchito zimene mwapita kukagwira: kuti malire a m'madzi aoneke, kuti masiku ndi mtengo wa pemiti ya nkhuni zidziwike kwa aliyense, kuti ndalama ziwerengedwe poyera, kuti manda athu alowe m'buku. Zinayi zokha, chaka chimodzi, akuyezeni pa zimenezo. Ndipo konzekani, tsiku lina wogwidwa adzakhala mlamu wanu kapena mwana wa amfumu, tsiku limenelo ndi pomwe mudzi udzadziwe ngati komiti ndi yeniyeni. Inu si wapolisi, musamagwire munthu ndi manja kapena kulanda katundu nokha usiku, panyanja anthu amamizana. Ntchito yanu ndi kuchenjeza, kulemba, kutengera nkhani kwa amfumu ndi a BVC, ikakanika ipite kwa a paki kapena a Fisheries.

Pali zina zosafuna kudikira msonkhano. Ng'ona kapena mvuu ikayamba kuzungulira padooko, imbani ku paki tsiku lomwelo ndipo ana asapite kumadzi. Moto ukabuka kuphiri chimodzimodzi. Mukaona nsomba zafa zambiri zikuyandama kapena mafuta pamadzi, a Fisheries ku Monkey Bay adziwe msanga ndipo anthu asatole n'kudya. Wina akamakumba maziko n'kupeza mafupa, mapale kapena mikanda yakale, ntchito iime, musasunthe kanthu, dziwitsani amfumu, apolisi ngati ndi mafupa a munthu, ndi a Museums, poyambira pafupi ndi ku myuziyamu ya pa boma pa Mangochi. Chimango chachikulu chikayamba m'mbali mwa nyanja popanda kufunsa mudzi, pitani kwa a zachilengedwe ku khonsolo mukafunse ngati pali chilolezo cha MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Mwana akamakodza magazi musati ndi kukula, kuchipatala kuli mankhwala a praziquantel ndipo amachiza. Ndipo munthu akamangidwa pa mlandu wa m'paki musaupeputse, malamulowa anawakhwimitsa mu 2017 moti milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende, wa matchera sungafike kumeneko koma asavomere kapena kusaina chimene sakuchimvetsa, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu opanda ndalama ya loya. Inunso wina akakuopsezani chifukwa cha udindowu, kanenani kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo, musasunge mumtima.

Za mng'ono wanuyo, musatume munthu wapakati woti ndipatseni kenakake ndikakutengereni, mutaya ndalama ndi mbiri yanu yomwe musanayambe n'komwe ntchito. Pitani naye nokha ku ofesi ya paki m'mawa, mutenge nduna ya amfumu ndi wapampando wa BVC. Mufunse kuti matcherawo analembedwa m'buku liti, nkhaniyo ikupita kukhoti kapena ithera pomwepo, ndipo chilichonse cholipira chikhale ndi risiti ya boma. Muyambe mwamufunsa iyeyo pambali kuti maukondewo anali a mtundu wanji, chifukwa ngati anali a monofilamenti, a ulusi wa pulasitiki aja oletsedwa, musavutike n'kuchonderera, sabwera, ndipo ndi bwino alire lero kusiyana n'kukagulanso omwewo pa ngongole. Mukamaliza za matchera musanyamuke msanga, pomwepo pemphani tsiku la ulendo wa pa boti wokaonetsana malire, mwera usanayambe.